Impso ya a Sikelo

"Sikelo iyi ikunama," anatero bambo aja, atawerama mpaka tayi kukhudza pansi. "Ikuwonjezera magalamu mazana atatu. Ndinanena Lolemba, ndinanena Lachitatu, lero ndikunenanso."

Akazi awo anali ataima pasikelopo, nsapato atavula, dzanja limodzi atagwira khoma. Namwino wamkulu wa chipinda chosefera magazi analemba nambala pakhadi osatukula n'komwe mutu.

"Bambo, sikelo yathu anaiyeza mwezi watha."

"Anaiyeza ndani? Chidindo chake chili pati?"

"Bambo inu, ndisiyeni nditsike," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Magalamuwo ndi anga. Ndinaba madzi dzulo inu mutapita kokameta."

Chipinda chonse chinaseka, ngakhale aja amene anali kale pamakina, machubu ofiira ali m'mikono. Bambowo anawongoka, nakonza tayi, natulutsa kope m'chikwama, nalembamo kanthu. Palibe anadziwa chimene analemba, koma anachilemba ndi ulemu wake wonse.

Dzina lawo lenileni linatsala pakhadi la penshoni. Aliyense ankawatchula kuti a Sikelo, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ntchito yawo inali yoyendera masikelo m'misika, m'mabutchala ndi m'magolosale, kuona ngati kilogalamu ya wogulitsa ndi kilogalamu yeniyeni. Iwo anapuma pantchito, koma ntchito sinapume mwa iwo. M'chikwama mwawo munkakhalabe mwala wamkuwa wa kilogalamu imodzi, wokulunga m'kansalu kofiira, umene anaiwala kubweza ku ofesi ndipo ofesi inaiwala kuufunsa. Namwino anawaletsa kuutulutsa m'chipindamo. Ankangoyenda nawo, ngati mmene wapolisi wopuma amasungira wenzulo.

Akazi awo anali telala, ndipo mumsewu wawo monse ankadziwika kuti a Telala. Matenda a shuga anawapeza ali ndi zaka makumi anayi. Anabwera ngati mlendo wa tsiku limodzi amene kenako amaitana abale ake. Kunabwera kuthamanga kwa magazi. Kunabwera dzanzi kumapazi, mpaka tsiku lina anayenda m'mawa wonse ndi singano m'chidendene osamva kanthu. Maso anachita nkhungu, kabowo ka singano kanasowa, makina osokera anafunditsidwa nsalu. Pomaliza impso nazo zinatula pansi udindo. Tsopano chinali chaka chachiwiri akubwera kuno katatu pasabata, maola anayi anayi, kuti makina awachitire ntchito imene thupi linakana.

A Sikelo anatenga matendawo ngati nthambi yatsopano imene boma lawapatsa kuti ayendetse. Madzi akumwa a mayi ankayezedwa m'kapu ya mizere. Shuga, magazi, kulemera kwa thupi, zonse zinali ndi mzere wake m'kope. Kuchipatala ankakonza mzere wa operekeza odwala ndipo anadzisankha okha kukhala wapampando wa komiti imene inalibe membala wina. Alendo akabwera kudzazonda mayi atanyamula nthochi, makeke ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera, zonse zoletsedwa kwa wodwalayo, a Sikelo ankadzipereka nsembe: ankazidya okha, mwamsangamsanga, kuti achotse mayesero m'nyumba. Popeza ndiwo za pakhomo zinkaphikidwa zopanda mchere, iwo ankasunga kabotolo kawokawo m'thumba la jekete. Msana ukawawa chifukwa cha maudindo onsewa, ankamwa mapilitsi opha ululu a kugolosale, awiri m'mawa, awiri madzulo. Anali atachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi osaphonya, pakuti anali munthu wosunga dongosolo.

Pabedi loyandikana ndi la a Telala pankagona a Dalaivala, amene kale ankayendetsa malole a katundu kuoloka malire. Iwowa matenda anawasiyira pakamwa pokha.

"Awapampando!" anaitana namwino atamaliza kulumikiza machubu a mayi. "Impso ija mukuisamala? Musamawerame choncho, muifinya. Ndi ya eni ake tsopano."

"Impso yanga ili ngati yangotuluka m'sitolo," anayankha a Sikelo. "Chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Singano ya dokotala siidziwa khungu langa."

"Bwana, galimoto imene sinalowepo m'galaja sikuti ndi yabwino. Ndi yoti mwini wake ndi wamakani."

"Zimenezo ndi za malole."

"Inenso ndinkatero. Zaka makumi awiri pamsewu, botolo la zotsekemera pambali, mutu ukawawa mapilitsi awiri, ulendo ulipo. Injini inkalira bwino mpaka tsiku limene inangozima. Zala zitatu za kuphazi ndinazisiya m'chipinda chachiwiri uko, mukadutsa muzizipatsa moni. Chaona mnzako chapita, awapampando."

"Lolemba mudzamva nokha," anatero a Sikelo. "Akandiyeza, adokotala adzapempha kuti ajambule chithunzi cha kukhoma."

A Telala anali atatseka maso, akumvetsera kulira kwa makina.

Nkhani ya impsoyo inali itayamba mwezi umodzi m'mbuyomo. Mtsempha wa pamkono wamanzere, umene makina ankalowerapo, unali utatsekeka, ndipo wa kumanja nawo unayamba kuvuta. Dokotala anati njira yoti mayi apume ku makina ndi imodzi yokha: atapezeka munthu wowapatsa impso. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi kutali, anaimba foni akulira kuti apereka yake. Mayi anakana osayembekeza kuti amalize. "Shuga uyu ndi wa kumtundu. Anatenga agogo ako, anatenga mayi ako aang'ono, wandigwira ine. Zako ziwirizo uzisunge, mwina udzazifuna." Pamenepo a Sikelo anaimirira pabalaza, namanga batani la jekete, nalengeza kuti nkhaniyo yatha: impso apereka ndi iwo.

Anailengezanso kwa wometa tsitsi. Anailengeza kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, ngakhale sinali pandandanda. Anailengeza kwa mkulu wogulitsa nyuzipepala, amene sanafunse. Anakagula zovala zogonera zatsopano za mizere yabuluu zoti adzavale m'chipatala, pakuti munthu wopereka chiwalo sangaoneke ngati wodwala wamba. Koma tsiku lokayezetsa ankangolisuntha. Komiti inali ndi ntchito zambiri. Ndi mayi amene pomaliza anauza namwino kuti alembe Lolemba, ndipo bambo analibe pothawira.

Sitinganene kuti zonsezi zinali matama okha. Munthu amene ankawaona pokwerera basi, akugwada pafumbi ndi buluku lawo losita kuti amange chingwe cha nsapato ya mayi, ankadziwa kuti pansi pa tayi paja panali mtima. Kungoti mtimawo sunkadziwa kulankhula popanda chidindo.

Lolemba linafika. Namwino anawamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, makina anapopa, natsitsa mpweya. Anayang'ana manambala, nachotsa lambayo, nawauza kuti apume pang'ono. Anamanganso. Anamanga ndi mkono winawo.

"Makina awa anawayeza liti?" anafunsa a Sikelo.

"Bambo, mutu umakuwawani?"

"Umawawa ndikakumana ndi anthu osadziwa ntchito yawo."

"Ndiye umawawa tsiku lililonse," anatero namwino, akuwabaya chala. Anawatenganso magazi pamkono, nawapatsa kabotolo kopanda kanthu, nawalozera khomo la kuchimbudzi. A Sikelo anakanyamula kabotoloko ndi zala ziwiri, kutali ndi jekete, ngati umboni wa mlandu wa munthu wina.

Lachitatu, mayi ali pamakina, anaitanidwa kuchipinda cha dokotala. Dokotalayo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, chinthu chimene a Sikelo ankachiona ngati umboni wakuti dziko likupita kuphompho.

"Khalani pansi, bambo."

"Ndinazolowera kulandira malipoti nditaimirira."

"Ili mulilandire mutakhala."

Anakhala. Dokotala anatembenuza pepala kuti aone okha, pakuti anali atamva kuti ndi munthu wokhulupirira manambala.

"Muli ndi shuga, bambo, ndipo si wa dzulo. Magazi anu akuthamanga kwambiri. Impso zili ngati sefa. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amadya timitsempha ta m'sefamo, ndipo magazi akamathamanga amang'amba pamene padyekapo. Sefa yanu yayamba kudontha. Zimene zimayenera kutsala m'magazi zikutuluka ndi mkodzo. Simunaonepo thovu m'chimbudzi?"

"Ndinkayesa ndi mankhwala otsukira."

"Mapilitsi opha ululu mumamwa?"

"Mwa apo ndi apo."

"Apo ndi apo wake ndi kangati?"

Anamuuza. Dokotala anasiya kulemba.

"Bambo anu anamwalira ndi chiyani?"

"Ukalamba."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Anangoyamba kutupa miyendo, kenako nkhope, kenako..." A Sikelo sanamalize. Iwo anali atawapitirira bambo awo ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Koma ine sindikumva kuwawa paliponse," anatero patapita kanthawi.

"Impso sizilira, bambo. Zimagwira ntchito mwakachetechete, zimatopanso mwakachetechete. Tidzabwerezanso kuyeza kuti titsimikize, koma mmene zikuonekera lero, ziwiri zonsezo pamodzi sizikukwanitsa theka la ntchito yake."

"Ndiye mutenge yabwinopo muwapatse mayi. Ine ndikhala ndi yotsalayo."

"Palibe yabwinopo. Mukuzifuna zonse ziwiri, ndipo nazonso zikupempha thandizo. Mukayamba mankhwala tsopano, mukasiya mchere ndi mapilitsi aja, tikhoza kuchedwetsa kwambiri ulendowu. Mwina makina aja simudzawafika n'komwe. Tiyezenso maso anu, mapazi ndi mtima."

A Sikelo sanamve zonsezo. Ankayang'ana pepala, kufunafuna pamene panalakwika, monga ankachitira ndi masikelo a anthu akuba. Manambala onse anali ataima mowongoka.

"Mwana wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "ndinalonjeza pagulu."

"Ndikudziwa, bambo. Pepani."

Atatuluka anapeza m'khonde mulibe munthu, operekeza onse atapita kokagula tiyi. Sikelo ija inali pamalo pake pafupi ndi khomo. A Sikelo anayang'ana uku ndi uku, natsegula chikwama, namasula kansalu kofiira, naika mwala wawo wamkuwa pasikelopo. Inalemba kilogalamu imodzi. Osawonjezera, osachotsa. Anauchotsa, nauikanso. Chimodzimodzi. Zaka ziwiri zonsezi sikelo ija inkanena zoona, ndipo magalamu onse amene ankakangana nawo anali m'thupi la akazi awo.

Anaukulunganso mwalawo pang'onopang'ono, nalowa m'chipinda.

"Nanga chithunzi chija ajambula?" anafunsa a Dalaivala. "Kapena akudikira kuti mupese kaye?"

"Zotsatira sizinatuluke. Makina a kulabotale avuta. M'dziko muno mulibe chinthu choyenda bwino."

"Ng'oma yolira bwino..." anayamba a Dalaivala. Koma anawayang'ana nkhope, ndipo mwambiwo anaumeza usanathe.

"Sizinatuluke?" anafunsa a Telala, maso ali chitsekere.

"Sizinatuluke, mayi."

"Chabwino."

Lachinayi a Sikelo anadya ndiwo zopanda mchere osadandaula. Lachisanu kuchipatala sanakonze mzere, ndipo operekeza anzawo anadabwa kuona kuti mzerewo unayenda bwinobwino wokha. Wometa tsitsi atawakuwira panjira kuti, "Ngwazi yathu, opaleshoni ili liti?" iwo anangokweza chipewa, nafulumira ngati munthu wothamangira basi.

Loweruka masana dzuwa linkalowa pazenera la pabalaza n'kugwera pa makina osokera ofundidwa aja. A Telala anakhala pampando wawo, zovala zogonera zabuluu zili pamiyendo. Ankapinda miyendo ya buluku ndi manja, ulusi atawalowetsera mnansi m'mawa. Maso anali atawasiya, koma zala zinkadziwabe njira.

"Zisiyeni zimenezo, mayi. Palibe changu."

"Ndatsala pang'ono. Bambo, kokani mpando mukhale apa. Ndipatseni phazi."

"Phazi la chiyani?"

"Ndiyeze utali. Kapena mukufuna mukaikidwe patebulo buluku likukwekwereza pansi?"

Anakoka mpando. Anaika phazi pamiyendo ya akazi awo. Mayi anaika buluku pambali, navula sokosi ya bambo, napapasa pamene lastiki inasiya mzere wakuya. Kenako anakanikiza chala chachikulu pamwamba pa kakolo, nawerenga chamumtima mpaka kasanu, nachotsa. Panatsala kadzenje. Anatenga dzanja la amuna awo naliika pomwepo.

"Mukukamva?"

A Sikelo anayendetsa chala m'kadzenjemo.

"Kadzenje aka ndakhala ndikukakumba chaka chathunthu mukagona masana. Poyamba kankabwerera msanga. Pano kamachedwa."

"Mayi..."

"Mabatani a m'manja mwa malaya anu ndinawasuntha kawiri, inu mumvekere malaya a masiku ano amafota. Mphete yanu mumavula ndi sopo. Jagi ya madzi imene kale inkakwana tsiku lonse pano imatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mumadzuka kasanu kupita kuchimbudzi, ndipo mumagujumula kawiri kawiri. Ine ndine wakhungu, bambo, sindine wogontha. Mseu uwu ndinaudutsa. Miyala yake yonse ndimaidziwa ndi mapazi."

"Bwanji osandiuza?"

A Telala anaseka, kuseka kopanda mano.

"Osakuuzani? Ndinati, bambo tiyeni mubaye chala ndi kamakina kanga, inu mumvekere timapepala take n'todula, si toseweretsa. Ndinati, bambo mapilitsi awa achuluka, inu mumvekere kodi msanawu ndi wa ndani. Ndinatuma mwana, munamufunsa ngati anasiya uphunzitsi n'kuyamba udokotala. Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndazungulira nyumba yanu chaka chonse kufuna polowera. Tsiku lija munaimirira apa n'kumanga batani la jekete, ndinati Mulungu wanditsegulira zenera."

A Sikelo anachotsa phazi lawo. Anaimirira, sokosi imodzi kuphazi, ina m'manja mwa mayi.

"Ndiye mumadziwa kuti sizitheka? Munandisiya ndilengeze kutchalitchi? Kwa wometa? Munandisiya ndigule izi?"

"Kulengezako sindinakutumeni. Zogonerazi nazo munagula nokha, zazikulu ndi masaizi awiri."

"Mwandivula pagulu, mayi!"

"Bola kuvulidwa ndi ine kusiyana ndi kudzavulidwa ndi anamwino, mutakomoka pamsewu."

Bambo anayenda mpaka pazenera, nabwerera. Mkwiyo unali chovala chomaliza chimene anatsala nacho, ndipo nachonso chinkawathina. Anakhalanso pansi.

"Ndinkafunadi kukupatsani," anatero. "Si za wometa ayi. Ndinkafuna mudzamwe madzi kapu yodzaza, ine osayang'ana mzere. Ndinkafuna mudzadye nthochi pamaso panga."

"Ndikudziwa, bambo a mwana."

"Tipeza wina. Ndilemba makalata. Mng'ono wanga uja ali ndi thupi labwino, ndimuitana mawa, ndimuuze kuti..."

"Khalani kaye chete, nanenso ndili ndi lipoti." Mayi anapinda sokosi ija kawiri pabondo. "Mukukumbuka tsiku lija anandijambula mtima, masabata atatu apitawo? Adokotala anandiitana kudzamva zotsatira."

"Ine ndinali kuti?"

"Munali panja, mukuweruza mlandu wa amene anadumpha mzere."

Mayi anabwezera buluku lija pamiyendo, napitiriza.

"Mtima wanga wakula, ndipo watopa. Mitsempha yake yauma ngati mapaipi akale. Akuti shuga ndi impso zikagwirizana, mtima ndi umene umasenza katundu. Atandigoneka patebulo lija sindingadzukenso. Ngakhale mukanabwera ndi impso yagolide, bambo, panalibe poiika."

Kunja munthu wina ankakhoma misomali padenga la nyumba yoyandikana. Anakhoma, nasiya, nakhomanso.

"Ndinawapempha adokotala kuti asakuuzeni kaye, ndi nkhani ya thupi langa, ndinena ndekha. Sanakondwe nazo. Anati, mayi, musachedwe. Ine ndinati, ingomuyezani kaye magazi ndi mkodzo munthuyu, pamsinkhu wakewu si tchimo. Ndikanakuuzani tsiku lomwelo, mukanapita kukayezetsa?"

Bambo anapukusa mutu. Kenako anakumbukira kuti mayi sangaone, ndipo anayankha ndi mawu.

"Sindikanapita."

"Ndiye mwaona."

"Nanga inu, mayi? Inuyo zitha bwanji?"

"Ine ndili pamakina mpaka tsiku limene mkono uwu udzakane. Ukakana akuti pali njira ya pakhosi. Ikadzakana iyonso, basi, ndasoka madiresi okwanira. Anga madzi anatayika kale, saoleka. Anu akadali m'kapu, angotsika mzere. Musandichititse manyazi, bambo. Ndakhala zaka ziwiri pabedi lija, sindikufuna ndikadzachokapo adzayalepo nsalu ina n'kugonekapo inu."

A Sikelo, amene anatseketsapo mabutchala asanu ndi awiri tsiku limodzi osaphethira, anagwetsa nkhope m'zovala zogonera zabuluu zija, pamiyendo ya akazi awo. Mapewa awo ankagwedezeka. Mayi anawasisita padazi ndi dzanja lamanzere, limene makina analisiya kale.

"Samalani, muli singano mmenemo," anatero. "Mungabayidwe, n'kuyamba kufunsa kuti anaiyeza ndani."

Madzulo a tsikulo bambo anaimbira mwana wawo foni. Sanalengeze kanthu. Anangoti, "Mwanawe, shuga uja tsopano wakuzinga mbali zonse ziwiri, kuchikazi ndi kuchimuna. Ukayezetse sabata ino. Magazi ndi mkodzo womwe. Usadikire kumva kuwawa." Mwanayo anafunsa ngati akulankhula ndi bambo ake enieni.

Lolemba m'mawa anafika kuchipatala monga mwa masiku onse. Mayi anavula nsapato, nakwera pasikelo. Namwino anawerenga nambala, nadikira. Sipanamveke kanthu. Anatukula mutu kuti aone ngati bambowo abwera.

Anali pomwepo. Anawathandiza mayi kukwera pabedi, nawafunditsa miyendo, nawaikira kapu ya mizere pafupi. Kenako anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kabotolo ka mchere ndi paketi ya mapilitsi, naziika patebulo la namwino.

"Katundu wolandidwa," anatero. "Mumuwononge."

Tsidya lina la khonde, moyang'anizana ndi khomo la chipinda chosefera magazi, kunali benchi lalitali la odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. A Sikelo ankalidziwa bwino benchilo, pakuti kawirikawiri ankapita kukalangiza anthu ake kakhalidwe koyenera pamzere. Anatenga kakhadi ka nambala pa msomali. Kanali ka makumi awiri ndi zitatu. Anakhala kumapeto, pakati pa mayi wina wonenepa woluka chipewa ndi mkulu wina wa bandeji kuphazi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Mnyamata wina wa jekete lachikopa anadumpha mzere pamaso pawo. Iwo anangoyang'ana nsapato zawo.

Khomo linali lotsegula, ndipo bedi la a Dalaivala ndi limene linkaona bwino kukhonde. Patapita maola awiri a Telala anatembenuza mutu.

"Achimwene, maso anga safika uko. Akadalipo?"

"Alipo, mayi. Angowaitana kumene."

"Akutani?"

"Avula nsapato. Avula jekete. Atulutsa mwala uja m'chikwama... ayi, aubwezeramo. Chikwama apatsira namwino. Akwera."

"Namwino wawerenga?"

"Wawerenga."

"Nanga iwo akuti chiyani?"

A Dalaivala anasuzumira nthawi yaitali.

"Sakutsutsa, mayi. Angogwedeza mutu."

A Telala anabwezera mutu papilo. Makina ankalira pambali pawo, magazi akutuluka, akubwerera.

"Sakutsutsa," anatero motsitsa. "Ndiye kuti akudwaladi."

Msozi unatsika kulowera kukhutu. Sanaupukute, pakuti mkono unali pamakina ndipo namwino anawauza kuti asaugwedeze.